Nkhuni Zaziwisi za Rozina

Ndinanyamuka ku Lobi Lachiwiri m'mawa, m'nyengo ya chisanu, nkhungu isanachoke m'mapiri. M'thumba langa lachikopa munali chimanga chokazinga, ndalama za matiki awiri ndi makobiri angapo, ndi makalata awiri. Ina inali yakale, yoda ndi mwaye. Inayo ndinali nditalemba ndekha, ndipo inandidyera milungu iwiri ndi mapepala anayi.

Inu amene simunapondeko ku Mayani, ndiyambe ndakuuzani chimene chinandiyendetsa, pakuti nkhalamba ya mawondo ngati anga siyenda masiku atatu kukangoona msika.

Mlongo wanga Nachisale ali ndi mwana mmodzi yekha, Rozina. Ine Msampha ndine malume wake, mwini mbumba. Ali mtsikana, Rozina anakagwira ntchito kwa ansembe achizungu, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: kuwerenga ndi timitengo ta mpesa. Anatibzala kuseri kwa nyumba ya amake, tinayanga pathandala, ndipo pansi pa thandalalo ankasonkhanitsa atsikana n'kumawaphunzitsa zilembo polemba padothi ndi chala. Ine ndinali nditam'pezera mwamuna wa nkhokwe zitatu. Anam'kana pamaso pa anthu. Masana omwewo ndinatenga chikwanje, ndinadula mpesa wonse mpaka kutsala zitsa, ndipo ndinamuuza kuti achoke asadzapondenso pamudzi. Sanalire. Anatola nthambi zija, anamanga mtolo, n'kusenza. Ife tinali kuseka: "Taonani wophunzira uja, watola nkhuni zaziwisi!" Papita zaka khumi ndi ziwiri.

Patatha zaka zisanu, munthu wapaulendo anabweretsa kalata ya Nachisale. Inafikira m'manja mwanga, ndipo ndinaisomeka m'udzu wa denga. Sindikanapempha munthu kuti andiwerengere, chifukwa akanadziwa kuti ndabisa. Nayonso kalatayo sinandisiye. Ndicho chifukwa chake ndinalowa sukulu ndili ndi imvi, kukhala pachipika chimodzi ndi ana oyenera kukhala adzukulu anga. Nditatha kulumikiza zilembo, ndinaitsitsa. Inati: "Amayi, ndili moyo, ndili pa Mayani. Anandichotsa ndi amalume. Akadzandiitana iwowo ndidzabwera." Chaka chino Nachisale wagwidwa ndi chifuwa, sachokanso pamphasa. Ndinagwada pambali pake, ndinamuwerengera, ndinaulula zonse. Nditamaliza anangoti, "Miyendo muli nayo, achimwene."

Dzuwa litafika pamutu ndinapeza ngolo ya ng'ombe yonyamula matabwa, yolowera ku Mphunzi. Woyendetsa anali Mngoni wa makutu obowola, ndipo ng'ombe zake ankaziyankhula mwaulemu kuposa anthu.

"Tiki imodzi, agogo," anatero. "Koma pachitunda mutsika muzikankha."

"Nanga ndikulipira kukwera kapena kukankha?"

"Mukulipira kutsetsereka."

Anali woona mtima. Njira imeneyo ili ndi zitunda zisanu, ndipo zonse ndinazidziwa ndi phewa. Potsetsereka matabwa ankandimenya msana, moti pena ndinkalakalaka chitunda china. Atamva kumene ndikupita, anasangalala.

"Ndiye mukamva mayi wa lipenga! Mkulu wanga ali ku Halale, makalata ake amatiwerengera ndi mayi ameneyo. Ali ndi sukulu ya atsikana, ali ndi munda wa mphesa, ansembe amachita kutuma anthu ndi madengu. Akuti kwawo ndi kwanu komweko. Akuti anathamangitsidwa ndi malume wake, chilombo cha munthu. Mumam'dziwa?"

"Ndimam'dziwa," ndinatero. "Anakalamba."

"Zilombo sizikalamba, agogo, zimangoguluka mano."

Ndinatseka pakamwa panga, pakuti kutsogoloku mano atsala awiri.

Tinafika ku Mphunzi dzuwa litapendeka. Ndinakwera pang'ono kukaona matanthwe ojambulidwa ndi anthu akale, mizere yofiira ndi zinyama zoyera zotambasula miyendo. Monga munthu wa sukulu ndinaima n'kuyesa kuwerenga, koma sindinapezepo A ngakhale mmodzi. Banja lina la Akatolika linandilandira, linandipatsa mbatata yophika ndi nyemba. Kobiri anakana. Bamboyo atamva kuti ndimalemba, anandipatsa khala kuti ndilembe dzina lake pachitseko. Ndinalemba zilembo zazikulu ngati makasu, ndipo iye anaitana anansi kuti adzaone. Aka kanali koyamba kuti sukulu yanga indidyetse.

Lachitatu ndinayenda pansi tsiku lonse. Minda inali itakololedwa, mapesi ali mbwee, mbuzi zikudya mwaufulu. M'midzi yambiri ndinkaona akazi ndi nkhalamba zokhazokha, chifukwa amuna anatengedwa kukanyamula katundu wa nkhondo ya Azungu. Chakumasana ndinafika pamtsinje wa Linthipe. Madzi anali ofika m'chiuno, ozizira ngati mpeni. Panali bambo wina wamfupi, wa msana ngati chitseko, amene ntchito yake ndi kubereka anthu kuwaolotsa pa kobiri imodzi. Ndinamanga makalata m'nsalu, ndinaluma nsaluyo ndi mano anga awiri, n'kukwera.

Tili pakati pa madzi anaima. "Mwaluma chiyani, agogo? Ngati ndi ndalama, mtengo wakwera."

Ndinangong'ung'udza.

"Ndanyamula ambiri pano," anatero akuyambanso kuyenda. "Opepuka ndi opita kuukwati. Inu mafupa okhaokha, koma mukulemera ngati mukupita kumlandu."

Sindinam'tsutse. Pakamwa panali podzaza.

Ndinagona m'mudzi wina kutsidya, ndipo Lachinayi, dzuwa litangotentha, ndinalowa pa Mayani. Linali tsiku la msika. Pansi anayala nyemba, mbatata, makasu, mchere wa m'timadengu ndi nsalu zoyera. Ndinagula chikho cha thobwa pa kobiri, koma ndisanamwe kawiri ndinamva mawu akuchokera kumtunda, aakulu ngati a munthu wolankhulira m'mtsuko.

"Tamverani, a pa Mayani! Mbuzi yaikazi ya mawanga yasochera kwa aNabanda. Amene waiona abweze. Amene waidya abweze chikopa, tidziwe polira!"

Msika wonse unaseka n'kuyamba kusunthira kumeneko. Pachulu chachikulu panaima mayi wovala nsalu yakuda, ali ndi lipenga lopinda ndi lata pakamwa. Anali atanenepa, kumutu kutayamba imvi, koma kaimidwe kanali ka Nachisale. Analengeza mayina a amuna amene abwerako konyamula katundu, ndipo mayi wina anagwa pansi ndi chimwemwe. Analengeza kuti sukulu ya atsikana iyambanso Lolemba, ndi kuti amene akuti mwana wake ndi wofunika pamtondo abwere naye mtondowo, adzasinjira kusukulu komweko. Kenaka anayamba makalata. Patsinde pa chulu panali dengu, ndipo aliyense amene walandira kalata koma sadziwa kuwerenga ankaponyamo.

"Iyi yachokera ku Halale. Akuti, uzani mkazi wanga asagulitse nkhumba ija."

"Anagulitsa kale!" anthu anayankha pamodzi.

Ndinaona kuti mwayi wanga ndi umenewu. Pakamwa panga ndimapadziwa: pamayamba bwino, koma pamathera kukalipa. Ndinati ndiponye kalata yanga m'dengu, akaipeze yekha kunyumba. Ndinadutsa pakati pa anthu, ndinaponya, n'kubwerera kumbuyo.

Mayi wina wogulitsa mchere anandikoka nsalu. "Agogo, yanu ija simunamange luzi. Mulibe chinsinsi?"

"Luzi lanji?"

"Ndinu alendo eti? Kalata yomanga luzi amakawerengera mwini wake pakhutu, kunyumba. Yosamanga ndiye ya lipenga."

Ndinayang'ana dengu. Ndinayang'ana njira ya ku Linthipe. Mawondo anakana zonse ziwiri.

Inatuluka yachitatu. Rozina anaifutukula, anakweza lipenga monga mwa masiku onse, ndipo mawu anga anamveka mpaka kwa ogulitsa makasu: "Ine Msampha wa ku Lobi ndinalakwa." Pamenepo anaima. Anatsitsa lipenga, anayang'ana pepala, kenaka anayang'ana anthu.

"Mwini kalata iyi alipo?"

Ndinavula chipewa. "Ndilipo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwalemba nokha?"

"Ndekha."

"Zikuoneka. Ngati nkhuku yaponda m'matope." Anthu anaseka, iye sanaseke. "Ndinu alendo, simudziwa mwambo wa pano. Ndiimange luzi?"

Apa ndiye panali pothawira. Koma ndinakumbukira bwalo la kwathu, anthu ali bii, iye akutola nthambi.

"Werengani, mayi," ndinatero. "Ndinakuchotsani pamaso pa anthu."

Anakweza lipenga, ndipo anawerenga yonse osalumpha liwu. Za chikwanje. Za kalata ya m'denga ndi zaka zake zisanu ndi ziwiri. Za chifuwa cha amake. Pomaliza pake ndinali nditalemba kuti: "Ndine ndinakuchotsa, ndine ndikukuitana. Bwera." Pamsika panali zii, moti ndinkamva nkhuku ikupalasa. Mayi wa mchere uja anasunthira kutali nane pang'ono. Rozina anapinda kalata, anaisomeka m'lamba, anatenga ina m'dengu n'kupitiriza ntchito yake mpaka dengu linatha. Potsika pachulu anadutsa pafupi nane.

"Alendo a ku Lobi, ine ndili ndi ntchito kumunda. Ngati mawu atsala, nditsateni."

Mundawo uli pamtsetse kuseri kwa sukulu yake, nyumba yaitali ya udzu. Ndinkayembekeza kuona masamba obiriwira ngati a pathandala paja. Ndinaona mizere ya zitsa zokhotakhota, zopanda tsamba, nthambi zili mbwee pansi.

"Mayo! Wachita zimenezi ndani? Mwam'gwira?"

Amayi awiri amene anali m'mizeremo ndi mipeni anadzuka n'kundiyang'ana. Rozina anaseka koyamba, kuseka kwa amake kwenikweni.

"Ndachita ndine. Inu alimi a chimanga mumati chilichonse chodulidwa chafa. Mpesa umafuna mpeni chaka ndi chaka, m'chisanu muno, ukagona. Ukausiya umangochulutsa masamba, mphesa osabala. Ndipo nthambi yodulidwa mwezi uno, ukaizika pachinyezi, imamera." Anatambasula dzanja kuloza mtsetse wonse. "Nkhuni zaziwisi zija ndi izi. Munadula mwezi wake weniweni."

Ndinakhala pansi pomwepo, pamzere.

"Nanga zitsa zija munazitani?" anafunsa.

Ndikanatha kunama. "Zinaphuka mvula isanagwe. Ndinazizula."

Anagwedeza mutu ngati ankadziwa kale. "Za mpesa zisiyeni, mpesa sunakusungireni kanthu. Koma zaka zisanu ndi ziwiri amayi anga akuganiza kuti ndinawaiwala, ine kuno ndikuganiza kuti anandikana. Zimenezo sizizikidwa, sizimera."

Ndinatulutsa kalata yoda ija n'kuipereka ndi manja awiri. Anaiyang'ana, anainunkhiza, ananena kuti ikununkha utsi wa kwathu. Kenaka anafunsa za amake.

"Akudya?"

"Phala pang'ono, m'mawa."

Anayang'ana dzuwa, anayang'ana mizere isanu imene inatsala. "Sindingachoke munda uli theka. Tikakhala anayi titha lero, mawa n'kulawira." Anasolola mpeni wina n'kundipatsa chakuchigwiriro. "Panthambi iliyonse musiye mfundo ziwiri, pamenepo ndiye pophukira. Ziwiri, amalume. Dzanja lanu ndimalidziwa."

Ndinadulira mpaka dzuwa linafiira. Katatu anandibweza kuti ndapitirira.

Ulendo wobwerera unatitengera masiku awiri ndi theka okha, ngakhale popanda ngolo, chifukwa Rozina amayenda ngati akuthamangitsa mbuzi. Nthambi zabwino anazisankha, anazikulunga m'udzu wonyowa, anamanga mtolo, ndipo sanafunse kuti anyamula ndani. Pa Linthipe bambo wa msana uja analipiritsa mtolo kobiri yakeyake, koma za ine anati ndapepuka. Paphewa mtolowo unkandipweteka, choncho kuyambira ku Mphunzi ndinausenza pamutu ngati mayi.

Tinalowa m'mudzi Lamulungu masana, anthu akuchokera kopemphera. Nachisale tinam'peza ali moyo. Anagwira nkhope ya mwana wake ndi manja onse awiri, ndipo ine ndinatuluka, chifukwa za m'nyumbamo sizinali zanga.

Paulendowu ndaphunzira kuti pa Mayani kalata imamangidwa luzi, ndi kuti mpesa umadulidwa m'chisanu. Ndaphunziranso kuti kulakwa kumene ndinakuopa zaka khumi ndi ziwiri kunatha kuwerengedwa nthawi yochepa kuposa kumwa chikho cha thobwa, ndipo amene analipira kuchedwa kwanga si ine.

Ndili panja, nditasenzanso mtolo pamutu, mnzanga wina wakale amene tinaseka naye tsiku lija anafuula ali pakhonde pake: "A Msampha, mwayenda ulendo wonsewu kukatola nkhuni zaziwisi?"

"Zaziwisi ndithu," ndinatero. "Tandibwerekani khasu."

Maenje khumi ndi anayi ndakumba kuseri kwa nyumba ya Nachisale, pamalo pomwe paja.