Kapinga wa a Duane Pawlak

A Duane Pawlak anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zisanu pa fakitale ya mapepala ku Wisconsin, koma mukawafunsa chimene anapindula pa moyo wawo, ankakulozerani kapinga wa kuseri kwa nyumba. Udzu, abale, wosadyedwa ndi munthu kapena mbuzi. Ankauthirira kuti ukule, ukakula n'kuutchetcha, akautchetcha n'kuuthira feteleza kuti ukulenso msanga. Loweruka lililonse makina awo otchetchera ankadzutsa anthu a mumsewu wonse, ndipo kaduwa kachikasu kakangoyerekeza kumerapo, ankakagwadira ndi mpeni m'manja.

Kupondapo kunali koletsedwa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Marcy, anakulira pa simenti ya pakhonde, ndipo mpira ukagwera pa udzu ankadikira bambo ake aweruke kuti adzamutolere. Akazi awo, a Loretta, ankauza alendo kuti, "Ine ndine wachiwiri pakhomo pano. Mkazi wamkulu ndi uyo wagona panjayo."

Kwa aneba awo, a Gil Vandenberg, kunali thengo lenileni: maluwa omera okha, njuchi, agulugufe. A Duane ankasuzumira pampanda n'kupukusa mutu.

"Achimwene, mukuweta njoka kapena?"

"Ndikuweta tulo, achimwene," ankayankha a Gil ali chigonere pampando. "Inuyo munagonapo liti masana?"

Chaka chimene a Duane anapuma pantchito, Marcy anabwera ndi nkhani. Akukwatiwa mu Julaye, ndipo akufuna phwando lichitikire pa kapingapo. Anthu makumi asanu ndi atatu, mipando, nsapato za gogoda. A Duane anasuzumira kapinga wawo pawindo. Mwanayo ankamukonda, zimenezo palibe angatsutse, kungoti chikondi chopanda makina sankadziwa kuti amachigwira pati. Anavomera, ndipo chamumtima analumbira kuti mwana wawo adzaima pa udzu wobiriwira kuposa wina uliwonse m'tauni monsemo.

Kutatsala masabata awiri, dzuwa likuswa mtengo, anathira feteleza matumba atatu pamalo ofuna thumba limodzi. Katswiri wa udzu ameneyo! Patangopita masiku anayi kapinga yense anapsa, n'kufiira ngati chiguduli. Anathirira m'mawa, anathirira masana, koma osaphula kanthu. A Loretta anawapeza atakhala pa masitepe, paipi ili m'manja, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndamuchititsa manyazi mwana uja," anatero a Duane.

"Bambo a Marcy, mwanayo akukwatiwa ndi munthu, osati ndi udzu. Dzukani mukatenge mipando."

Kunena zoona a Duane ankamvetsa chisoni. Zaka zonsezo anasunga chinthu chimodzi chokha choti adzapatse mwana wawo, ndipo anachiwononga okha ndi manja awo.

Tsiku la ukwati a Gil anatulukira ndi ndowa zinayi za maluwa a m'thengo lawo lija. "Musaope achimwene, njoka ndachotsamo." Anthu anadya masoseji owotcha, anamwa mowa, anavina gule wa polka mpaka fumbi kobo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana pansi. A Duane okha ndi amene anaima pa simenti, manja kumbuyo, poti chizolowezi sichimva kuti lero ndi phwando.

Marcy anasiya gule n'kubwera, nsapato atavula, mpendero wa diresi loyera uli fumbi lokhalokha. Anawagwira dzanja n'kuwakokera pakati pa anthu.

"Pepa mwana wanga," anatero a Duane. "Ndimafuna udzuwu ukhale wobiriwira."

"Adadi, ukanakhala wobiriwira bwenzi tsiku lonseli mukuyang'ana mapazi a anthu. Lero mwayang'ana ine."

Oimba anayamba nyimbo ina, ndipo a Duane anavina mopeperuka, akuponda mwana wawo zala.