Tsiku Limene Che Harun Anatuluka Panja

Che Harun ndinawaona koyamba pa kiyosiki ya madzi ku Biwi, mwezi womwe ndinasamukira kuno bambo a Mirriam atamwalira. Ndowa yanga inkadontha. Bambo wina wamfupi, wovala kofiya yoyera, anaima n'kumayang'ana madzi akuyenderera kumapazi kwanga.

"Mayi, mukutunga kapena mukuthirira msewu?"

Amayi onse pamzere anaseka. Ine ndinangoyang'ana pansi. Bamboyo anandilanda ndowayo, ndipo madzulo inabwera ndi mkazi wawo, Hafsah, itakhomedwa bwinobwino.

Che Harun anali okhoma zidebe, kwawo ku Mangochi. Shedi yawo inayang'anana ndi khomo langa. Mbaula, ndowa, makeni othirira mbewu, zonse zinkatuluka mmenemo. Ankakhoma kuyambira m'mawa, kulekeza pa nthawi ya swala basi, mapemphero awo achisilamu. Koma kukagwa maliro pafupi, kaya a mpingo uti, nyundo inkagona mpaka anthu atabwerako kumanda.

Chaka chatha khansala anawasankha kulowa mu komiti yoona za malo m'dera lathu. Anasangalala zedi. Anagula jekete pa kaunjika, yaitali manja, Hafsah n'kuipinda.

"Mayi a Mirriam, masiku ano muzinditchula kuti a komiti," anandiuza.

"A komiti ya zidebe," anatero abambo Saulos, mnzawo wa bawo, amenenso anasankhidwa nawo.

Ntchitoyo anaigwira ndi mtima wonse. Ngalande yathu inakumbidwa chifukwa cha iwo. Wina atafuna kutseka ndi mpanda kanjira ka ana a sukulu, Che Harun anakakhala pa mulu wa njerwa zake, akumwa tiyi, mpaka mwiniyo anasintha maganizo.

Kenako khonsolo inatumiza nkhani yoti komiti ipereke maganizo ake. Msewu wathu unkaloledwa nyumba ndi ntchito zamanja pamodzi, koma tsopano ankafuna ukhale wa nyumba zokhazokha, poti eni nyumba zatsopano za mipanda ankadandaula phokoso. Ikavomerezedwa, shedi ya Che Harun ichoke.

Tonse tinkati iwo ali momwemo, atiyankhulira. Msonkhano unachitikira m'kalasi ya pa sukulu. Abambo Saulos anatiuza pambuyo pake kuti nkhaniyo itafika, Che Harun anaimirira n'kumanga mabatani a jekete.

"Kwathu munthu saweruza nawo mlandu wake," anatero. "Anzanga mukundidziwa."

Anatuluka n'kukakhala pakhonde. Mkatimo anthu anayang'anana. Amene anali kumbali yawo anaganiza kuti mwini wake watuluka chifukwa wavomera, ndiye ndani angalire maliro kuposa mwini? Palibe anatsutsa.

Madzulo ake ndinawamva iwo ndi abambo Saulos pa bawo.

"Ifetu tinkadikira inu muyambe, achimwene."

"Inenso panjapo ndinkadikira inu."

"Ulemu wanuwo wakudyetsani njomba."

"Sewerani, Saulos. Pano pokha musadikirenso ine."

Sanakwiyire aliyense. Anayesa kukadandaula ku ofesi, koma anawauza kuti komiti yawo yomwe inavomereza. Anapeza malo pafupi ndi msika ku Mgona, ndipo poti akuchoka m'dera lathu, mpando wa mu komiti anayenera kuusiya.

Tsiku losamuka ndinathandiza Hafsah kumanga ziwiya m'zitenje. Katundu atakwera pa lole, Che Harun anabwera pakhomo panga, jekete ili paphewa.

"Khansala anandifunsa woti alowe m'malo mwanga. Ndatchula inu."

"Ine? Abambo, ine sinditha kuyankhula pagulu."

"Mumaona zonse pa khonde lanuli, ndakhala ndikukuonani. Kuyankhula mukaphunzira komweko." Anakwera pa lole, kenako anasuzumira pawindo. "Chimodzi chokha, mayi a Mirriam. Nkhani ikafika pa inu, musadzatuluke panja."