Masaya a Mng'ono Wanga

Kope langa la Chingerezi la Sitandade 6 ndikadali nalo. Ndi lokutidwa ndi pepala la shuga, ndipo pa tsamba lina pali chiganizo chimene aphunzitsi anachichonga, kenako n'kudzachikhwatcha ndi bolopeni yofiira yomweyo.

Inali nyengo ya njala, chimanga chikungoyamba kumasula. Kwathu ku Kabudula tinkagonera mkhwani ndi phala la gaga. Aphunzitsi athu, munthu woonda ngati phesi, ankakonda mawu a Chingerezi ofanana tanthauzo. "Ofanana si amodzi," ankatero. "Ngakhale mapasa, mayi wawo amawasiyanitsa." Tsiku limenelo analemba pa bolodi mawu a kunenepa. Fat, anati, ndi lachipongwe, osauza munthu wamkulu. Stout ndi la abambo okhuta. Plump ndi la mwana wodya bwino, wa masaya osalala.

Ine ndinakondwa, chifukwa mwana wotere tinali naye kunyumba. Mng'ono wanga wa zaka ziwiri anali atayamba kunenepa tonsefe tikuonda. Masaya ankachita kunyezimira, mapazi ngati timaungu. Ndinalemba kuti mng'ono wanga ndi plump. Aphunzitsi anachonga, nandiimika kutsogolo kuti anzanga andiombere m'manja. Sabata yonse ndinayenda mapewa ali m'mwamba. Ndikakumbukira, manyazi amandigwira mpaka lero.

Akuluakulu ankaona zina. Mwanayo anali atasiya kuseka, tsitsi litafiira n'kuyamba kusosoka. Amalume atamuyang'ana anati ndi tsempho. Ndiye kuti bambo, amene ankagwira ntchito ku esiteti ya fodya, anayenda ndi mkazi wina kumeneko n'kubwera kudzanyamula mwana. Mayi analeka kuthira mchere m'ndiwo, ndinkathira ndine. Sing'anga anamumwetsa mizu yowawa, namutemera mphini. Za chipatala amalume anakaniratu. "Izi n'zakumudzi, jakisoni akangomutsiriza." Sindiwada amalume, nawonso ankafuna mwanayo achire. Koma nkhuku yathu yomaliza, yoikira mazira, inapita kwa sing'anga, ndipo zimenezo zimandiwawabe.

Loweruka lina masana aphunzitsi anaima ndi njinga pakhomo pathu kuti ause mvula. Ndinathamanga kukatenga mwanayo kumbuyo kwa mayi kuti adzionere okha kuti sindinaname. Aphunzitsi sanaseke. Anamudina phazi ndi chala, ndipo atachotsa chalacho, kadzenje kanatsala pomwepo ngati pa dothi loumbira mbiya.

"Mayi, mwanayu sananenepe ayi, watupa. Ndi njala imeneyi. Mberekeni, ndikukwezeni panjinga pompano."

"Tidikire achimwene, aphunzitsi. Mwini mbumba ndi iwowo, eti."

Aphunzitsi anapita okha kukachonderera, mvula ili pamsana. Amalume anavomera Lachiwiri. Lachinayi mayi anabwerako ku chipatala wapansi, mwana ali kumbuyo, atamufunda chitenje mpaka kumutu. Amayi a m'mudzi anayambira kumsewu kulira.

Maliro atatha ndinabwerera kusukulu, mutu uli mpala. Aphunzitsi anaitanitsa kope langa, anzanga ali panja. Anafufuza tsamba lija, nakhwatcha chiganizo changa, nalemba pamwamba pake liwu lina, swollen, kutanthauza wotupa. Sanandiyang'ane kumaso.

Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda. Njira yonse yobwerera kunyumba ndinkawatukwana chamumtima, poti andilanda malikisi anga.