Mphasa Imene Sindinakhalepo

Apolisi anamutenga mwamuna wanga mpunga ukuyamba kucha ku Kaporo, kuno ku Karonga. Iye anali mlangizi wa zaulimi, ine mphunzitsi wongotuluka kumene ku koleji, mwana wathu wamkazi asanamere ndi dzino lomwe. Apolisiwo ankati amasunga zigawenga zowoloka kuchokera ku Tanzania, zofuna kudzatentha maofesi pa Boma.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Nditakwatiwa kuno kwa Ankhonde, choyamba chimene apongozi anga aakazi anandiphunzitsa si kuphika nthochi ayi, koma kuthawa. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, saonana ndi apongozi aamuna. Ukangowamva kunjira, umafunda chitenje kumutu n'kulowa m'nthochi. Poyamba ndinkadziseka, munthu wa satifiketi kumabisala ngati nkhuku. Kenako ndinazolowera. Nkhope ya apongozi aamunawo sindinkaidziwa. Ndinkadziwa katsokomoledwe kawo ndi belu la njinga yawo basi.

Tsiku lina mkazi wa wapolisi, amene mwana wake ndinkamuphunzitsa, anandinong'oneza pachitsime: “Aphunzitsi, amuna anu avomera mlandu. Ndipo akutchulani inuyo.”

Ndowa ndinaisiya pomwepo. Kundende sindinakuganize n'komwe, ndinkangoganiza za mwanayu: akanditenga ayamwa chiyani? Ndinayamba kumukakamiza phala kuti azolowere. Ankalavula, ine kumalira, iye kumandiseka ndi nkhama zake. Ndinene zoona, bambo ake ndinawakwiyira. Munthu amene ankanditungira mikanda ya m'chiuno ndi manja ake, kunditchula bwanji?

Mlandu unazengedwa pa Boma. Ndinakhala kumbuyo, chitenje kumutu, chifukwa apongozi anali penapake kumbali ya amuna. Mwamuna wanga analowa akupondera m'mbali mwa mapazi, ngati pansi pali moto.

Wapolisi wina, wa kumwera malinga ndi kalankhulidwe kake, anawerenga zimene ankati mwamuna wanga anavomera: “Alendowo tinadya nawo pamphasa imodzi, ine, bambo anga ndi mkazi wanga. Mkazi wanga ndiye anawasambitsa bambo m'manja.”

M'khoti munayamba manong'onong'o. Mayi wina wachikulire anangophulika: “Mkamwana wake uti ameneyo? Wa ku Karonga konkuno?”

“Chete kumeneko!”

Mwamuna wanga atafunsidwa anati, “Ankandimenya kumapazi, bwana. Ndinanena zimenezo kuti andisiye.” Wapolisi anakana, ati munthu anavomera yekha atamwa ndi tiyi yemwe.

Mmodzi mwa oweruza, bambo wa imvi wa konkuno, anandiyang'ana. “Mayi, imirirani. Tilozereni apongozi anu.”

Ndinaimirira. “Sindingayang'ane, bwana. Ngakhale nditayang'ana sindingawadziwe, pokhapokha atatsokomola.”

Anthu anaseka. Kuseka kutazizira, kumbali ya amuna kuja wina anatsokomola pang'onopang'ono, kutsokomola kwawo komwe kuja. Ndinangozindikira nkhope yanga yalowa kale m'chitenje.

Oweruza anati mawu ovomerawo sangawakhulupirire, ndipo za ine panalibenso amene anafunsa. Koma masiku ano kuwina mlandu si kupita kunyumba. Titangotuluka, galimoto inali ikudikira, ati boma limusungabe popanda mlandu.

Anatilola kulankhulana pang'ono pakhomo. Ndinati, “Bambo a mwana, munanditchuliranji?”

“Dzina lanu apolisi anali atalemba kale, mayi. Ine ndinangowonjezera mphasa. Ndinadziwa kuti kwathu kuno palibe angaikhulupirire.” Anagwira kaphazi ka mwana kamene kanatulukira m'chitenje. “Wamera dzino?”

“Awiri.”

“Akulumani tsono.”

Anakwera galimoto akuseka, koma chokwawa.

Tsiku limenelo phala sindinaphike. Ndinakhala pakhonde la sitolo ina n'kumuyamwitsa mwana mpaka anagona, bere lili m'kamwa. Analumadi.

Bambo ake sanabwerebe. Mantha sanandithere: galimoto ikaima kumsewu ndimanyamula mwana ndisanaganize. Koma m'mawa ndimamva belu la njinga kuseri kwa nthochi, ndiye ndimafunda chitenje n'kutembenukira kukhoma. Apongozi amaika chipanda cha chambiko, mkaka wowawasa uja, pachitsa, kutsokomola, kenako n'kulankhula ndi nthochizo mu Chichewa chawo chothyokathyoka, chimene sankachigwiritsa n'komwe kale:

“Inu nthochi, muwauze amama a mwana adye. Oyamwitsa sakhala ndi njala.”

Belu likafika patali ndimatuluka, n'kumwa chonse.