Maliboni m'thumba la epuloni

Pa nyumba yosanja ija, imene pansi pali a inshuwalansi ndipo pamwamba pali maloya, palibe amene amadziwa dzina lake lenileni. Onse amangoti Natsache. Anayamba kusesa pamenepo makapeti asanabwere. Anawaona akuyalidwa, anawaona akuperepeseka, anawaonanso akutayidwa. Ndi mayi wamfupi, wa mapewa ngati mwamuna, imvi mutu wonse. Chikepe sakwera, amati chimachedwa ndipo chimanunkha perefyumu wa eni ake. Ndowa kumanja, mopu kumanzere, masitepe mpaka pamwamba.

Matenda ake ndi amodzi: sangadutse chinyalala. Kapepala ka switi pamsewu, kachivindikiro ka botolo m'basi, amawerama basi n'kuponya m'thumba la epuloni. Tsiku loika mwamuna wake anthu anamuona akutola timapepala kumanda, misozi ili mbwembwembwe.

Amakhala yekha m'kachipinda ka lendi kuseri kwa shopu ya matayala. Muli bedi, kasitovu, wailesi ndi mpando umodzi. Mpandowo ndi umodzi dala, kuti mlendo asakhalitse.

Chaka chatha anaterereka pa masitepe amene anakolopa yekha. Sanathyoke paliponse, anangokhala pansi kanthawi akusisita bondo. Koma mlonda wa pageti, munthu wa pakamwa posatseka, anaimbira foni mwana wamkazi wa Natsache, amene amagulitsa mankhwala ku famase. Mwanayo anakwatiwa ndi mwamuna wokonza makompyuta, woonda ngati mpini wa mopu, amene Loweruka lililonse amakathamanga m'tinjira ta m'phiri kunja kwa tauni. Lamulungu lotsatira awiriwa anamuitana Natsache kudzadya, ndipo nkhani inabwera mbale zisanachotsedwe.

"Amayi, miyendo yatha imeneyo," anatero mwana wake. "Siyani ntchito mubwere kuno. Chipinda chakuseri chilipo."

"Wolera mwana wathawanso?"

"Sizikugwirizana zimenezo."

"Zikugwirizana. Ukufuna wantchito wosathawa."

Mkamwini anatsokomola, nalowerera mwaulemu. "Amayi, si zoipa ayi. Ifenso kuphiri kuja timaona. Pali msinkhu woti maondo amakana."

"Phiri lanulo lili ndi masitepe angati, apongozi?"

"Lilibe masitepe, amayi."

"Nanga mumatopa ndi chiyani?"

Mwana wake anaika supuni pansi. Anati mwezi wamawa kuli mpikisano wothamanga kuphiri kuja, ndipo oyamba kumene amaloledwa. "Mukakwera phirilo n'kutsika ndi miyendo yanu, nkhani yosamuka ndiisiya. Mukalephera, galimoto ibwera kudzatenga katundu." Natsache anangoti chabwino, nanyamuka kukatsuka mbale.

Tsikulo anafika atavala nsapato zakale za mwana wake, siketi ya kuntchito ndi epuloni. Mkamwini anamumanga nambala pachifuwa ndi mapini, nathamangira kutsogolo kumene kumaima akatswiri. Anthu anali ambiri, azibambo a ndevu m'timakabudula tosayenera, atsikana ovala zothina ngati khungu, ena timabotolo tamadzi pachifuwa ngati mawere owonjezera. Aliyense ankangoyang'ana wotchi yake.

Bambo wina wa kapu yofiira, wezulo ili m'khosi, anakwera pampando kuti afotokoze za njira. Natsache nthawi imeneyo anali kuchimbudzi. Anapeza sinki yauve, madzi ali pansi, mapepala ali mbwee. Anakonza. Potuluka anamva wezulo, anthu onse atayamba kale kuthamanga. Zimene ananena bambo uja sanamveko ngakhale liwu limodzi.

Poyamba unali msewu wafumbi, ndipo anayesa kuthamanga. Mabere ankamumenya, mpweya unkamuthawa, ndipo anakumbukira kuti anathamanga komaliza tsiku limene basi inanyamuka ndi chikwama chake. Pofika pamene msewu umathera n'kuyamba kanjira ka m'nkhalango, womaliza mwa anzake anali atazimiririka m'mitengo. Anatsala yekha.

Kanjira ka m'phiri si masitepe. Sitepe imakudikira pamene unaisiya dzulo. Kuno mwala umaoneka wokhazikika, ukaupondapo umagubuduka. Mizu imakola phazi. Ukayang'ana kutsogolo umapunthwa, ukayang'ana pansi nthambi imakumenya pamphumi. Natsache anayenda, pena kugwira udzu, pena kukwawa ndi manja, akutukwana chamumtima nsapato za eni.

Ndiye anaona kaliboni kofiira ka pulasitiki kakulendewera pa nthambi. Anaima. Anapukusa mutu. Anthu ophunzira, a mawotchi odula, kubwera kuthengo kwabwinobwino kudzamangirira zinyalala m'mitengo. Anamasula, naponya m'thumba. Patsogolo pang'ono panali kena. Anamasulanso. Kunena zoona, timaliboni timeneti tinkamuthandiza, chifukwa akaona kena patsogolo ankati ndikafike pamenepo ndikachotse, ndipo miyendo inkapita. Sanadzifunse chifukwa chake zinyalalazo zinali m'njira yake yokhayokha.

Anafika pa kamtsinje. Anaponda mwala wandere, miyendo inapita m'mwamba, nakhala pansi m'matope ndi thupi lonse. Anakhala pomwepo pang'ono, nayang'ana uku ndi uku ngati pali mlonda woti aimbe foni. Panalibe. Anadzuka, nakwera kamtunda, nafika pamene kanjira kake kamakumana ndi njira ina yotakata bwino. Pamenepo maliboni anali ambiri, mtengo uliwonse. Anachotsa onse.

Mpikisanowo unali wokwera n'kubwerera njira yomweyo. Dzuwa litakwera anamva mapazi, akatswiri akutsika ngati mbuzi zothawa galu. Anapatuka, naima m'mbali. Mkamwini anali m'gulu lachiwiri, thukuta lili chuchuchu.

"Amayi, mukadali moyo?"

"Pitani, apongozi, anzanu akukusiyani."

Anadutsa onse, ofulumira ndi ochedwa omwe, mpaka mayi wina wonenepa amene ankatsika chammbali ngati nkhanu. Natsache anapitiriza kukwera ndi kutola.

Pamwamba panali mphepo, thebulo lopinda, zigubu zamadzi, ndi mayi wina atakhala pansi pa ambulera. Mayiyo anamupatsa kapu yamadzi nalemba nambala yake. Natsache anamwa, napuma, kenako anapisa m'thumba natulutsa mulu wonse wofiira.

"Muli ndi potaya zinyalala, mayi?"

Mayi wamadzi anayang'ana muluwo nthawi yaitali.

"Mwazitenga kuti izi?"

"M'njira monse. Anthu anu ndi auve."

"Monse?"

"Kuyambira pansi."

"Agogo, izi ndi zolozera njira. Anthu onse atsikawa akutsata zimenezi."

Natsache anayang'ana kumunsi kumene nkhalango inali phee, ngati simunalowe munthu. Mayi wamadzi anakwera pamwala kufuna netiweki, nalankhula pafoni mawu ambiri ofulumira. Atatsika anati njinga yamoto ikubwera kudzera msewu wakuseri kudzatenga zigubu, ndipo agogo akwere nawo, asawonjezere mavuto.

Maondo a Natsache anavomera asanafunsidwe. Koma iye anaona galimoto itaima kuseri kwa shopu ya matayala, anyamata akutulutsa bedi ndi mpando wake umodzi uja. Anaona chipinda chakuseri kwa mwana wake, matewera pa chingwe, ndi kupempha chilolezo pofuna kutsegula wailesi.

"Ndabwera ndi miyendo, ndibwerera ndi miyendo," anatero. Anabweza maliboni m'thumba. "Izi ndikazibwezera pamene ndinazipeza."

"Mukukumbuka pamene munazipeza?"

"Ayi."

Kutsika ndi kumene kumapweteka. Pokwera chimavuta ndi chifuwa, potsika ndi maondo, ndipo zala za kumapazi zimagunda kutsogolo kwa nsapato mpaka kufuna kutuluka. Ankati akayenda pang'ono amange liboni, mfundo yake ija yomangira matumba a zinyalala imene simasuka. Pena pake panali malo osalala pansi pa mitengo ya paini, masamba ake ofewa ngati kapeti ya kwa maloya isanathe. Pamenepo miyendo inayamba yokha kuthamanga. Sanailetse. Panalibe ndowa, panalibe woti amupatse moni, panalibe womuona. Anathamanga mpaka pamene mizu inayambiranso, ndipo anadabwa kupeza kuti pakamwa pake pali potsegula ngati akuseka.

Pa mphambano paja anaima. Njira yotakata inali kumanja, yotsetsereka bwino, yodzaza ndi mapazi atsopano. Kumanzere kunali kanjira konyozeka kolowa m'zitsamba. Sanakumbukire chilichonse. Anatsata mapazi a anthu, poti ambiri ndi amene apita uko. Atayenda ndithu anazindikira kuti siketi yake yauma matope kumbuyo, koma kamtsinje sakukamva. Anabwerera, maondo akulira, nalowa kanjira konyozeka kaja. Pansi pa kamtunda anapeza madzi, ndipo m'matope munali chidindo cha matako ake, chonse bwinobwino ndi zikhatho ziwiri m'mbali.

Anakweranso kufika pa mphambano, namanga maliboni ambiri kumanzere mpaka chitsamba chinaoneka ngati chachita maluwa. Akumanga lomaliza, azibambo awiri anatulukira ku njira yotakata, akutsimphina, madzi atawathera.

"Mayi, njira ndi iti? Pali chitsiru china chachotsa maliboni."

"Ndi iyi. Chitsirucho ndine."

Anayang'anana. Wamkuluyo anatsegula pakamwa, naona imvi ndi matope, natsekanso. Anamutsata pambuyo, iye akuima pa mtengo uliwonse kumanga, iwo akudikira.

Anafika pansi dzuwa litapendeka. Tenti anali akuigwetsa. Odziwa njirayo pamtima anali atafika kalekale n'kupita kwawo. Ena onse njira yotakata ija inawatsitsira mbali ina, kumtaya wa zinyalala za tauni, ndipo anabwerako pa lole imene bambo wa wezulo anachita kutumiza. Anali atakhala pa udzu, nsapato atavula, ndipo fungo linkanena lokha kumene achokera. Natsache atatulukira pa msewu wafumbi, palibe anaomba m'manja. Anadutsa pakati pawo, nakaponda mzere wa laimu womalizira mpikisano, naima.

Mwana wake anabwera khanda lili m'manja, nkhope itatupa.

"Amayi, mwasokeretsa mpikisano wonse. Ndachita manyazi ine."

"Unati ndikwere n'kutsika ndi miyendo yanga. Za maliboni sunanene."

"Zimenezi sitingawerengere."

Mkamwini anali pansi akusisita katumba. Sanadzutse mutu. "Tiwerengera, mayi a mwana. Amayi atsika okha. Wabwera pa lole ndine."

"Iwenso uli mbali yawo? Chipinda chija ndapenta kale."

"Ugonekemo wolera mwana," anatero Natsache. "Mwina akakhala ndi pogona pabwino sathawa."

Bambo wa wezulo anabwera atavula kapu. Anali atakalipa kale mokwanira pafoni, mawu atamuthera. Anamupatsa mendulo yotsala m'katoni, nati popeza dzanja lake ndi lotere, ulendo wina azibwera pambuyo pa onse mpikisano ukatha, azichotsa maliboni, poti ntchito imeneyo anthu amaikana.

"Zinyalala ndimatola sabata yonse, bambo," anatero Natsache. "Kuno ndikabweranso ndidzabwera kudzathamanga. Pali malo ena pa mapaini paja."

Lolemba anafika kuntchito akuyenda ngati wamangidwa matabwa m'miyendo. Anaima pansi pa masitepe ndi ndowa yake, nawayang'ana, napita kukadina batani la chikepe. Mlonda anatulutsa mutu pawindo la kanyumba kake, dzanja likupita kuthumba.

"Ukangoigwira foniyo," anatero Natsache, "ndikukolopa nayo kumaso."

Chikepe anakwera sabata imeneyo yokha. Zikhadabo ziwiri za kumapazi zinada n'kuthothoka. Mendulo anaikoleka pa msomali pamodzi ndi makiyi. Galimoto sinabwere, ndipo kuseri kwa shopu ya matayala mpando ukadali umodzi. Nthawi zina Loweruka m'mawa mkamwini amadzaima pakhomo n'kuliza hutala kuti apite naye kuphiri, iye n'kutuluka atavala epuloni ina imene anaisoka thumba kuti lisatseguke.