Malalanje a ba Sisita

Boma la chipani chimodzi litandisankha kukaphunzira ku Cuba, ndinayamba Chisipanishi kwa sisitere wina wa Katolika m'dera la Highlands. Mkazi wanga Esinati anamwalira sisitereyo ali kutchuthi. Tsiku lobwerera m'kalasi ndinaima pageti, n'kumasula kansalu kakuda ka maliro pamkono wa shati, n'kukaika m'thumba.

Tinali pa mneni *estar*, kukhala, m'kanenedwe ka zinthu zongolakalaka: *estuviera, estuvieras, estuviéramos*. Ndinatchula zonse osaphonya.

"Mwachita bwino, ba Zulu," anatero. "Nanga bamai kunyumba bali bwanji manje?"

"Bali che bwino, ba Sisita."

M'chipinda chimenecho mokha ndi mmene Esinati anali adakali moyo, ndipo ndinalibe mtima womuika m'manda kachiwiri.

Poweruka anandipatsa malalanje awiri. "Mukabapase. Osadya mu njira, nimiziba imwe bamuna!"

Ndinadya onse nditaimirira m'mbali mwa njanji popita kwathu ku Malota, madzi ake akuyenderera m'chigongono, chifukwa kunyumba apongozi akanafunsa kumene achokera.

Sabata yotsatira sisitere anafunsa za malalanjewo. Ndinati anali otsekemera kwambiri. Pamenepo pokha sindinaname.