Bedi Langa la ku Joni Ndinapatsa Mlendo

Maganizo opita ku Joni anandibwerera tsiku limene ndinakataya milamba kudzala. Madzi anali atasefukira mpaka m'nyumba zathu ku Bangula, ndipo nsomba zanga zowamba, madengu onse, zinanyowa n'kuchita mphutsi. Mpamba wanga unathera pomwepo. Bambo a mwana wanga anali atawolokera ku Mozambique kalekale n'kukakwatira konko, moti kunalibe wina womuyang'ana. Mwanayo, Luwiza, anali kupulayimale. Ndinamusiya m'manja mwa akulu anga, a Jenita, ndipo pokwera minibasi ndinamuuza kuti ndikupita kukavutika ine kuti iye asadzayende ulendo umenewo.

Za ku Joni sindibisa. Ndinkachapa ndi kukolopa m'nyumba za anthu, lero kuno mawa uko, ndipo ndikaona galimoto ya polisi mtima unkakwera m'mwamba ngakhale ndisanalakwe kanthu. Amene anandilandira ndi a Marita, mayi wa kwa Ndamera, wolankhula Chisena chokhachokha akakwiya. Tinkakhala azimayi anayi m'fulati ya zipinda ziwiri, pamwamba pa chinyumba chomwe chikepe chake chinafa tisanabwere. Chaka chilichonse ejenti wa eni nyumba ankabwera ndi pepala la mgwirizano, tonse anayi n'kusayina. Lendi inali imodzi, tinkangogawana. Papepalapo panalinso lamulo loti m'nyumbamo musapose anthu anayi, komanso wolowa watsopano akhale ndi pasipoti ndipo ejenti amuvomereze. Pakhomo lalikulu pankakhala woyang'anira, bambo wa maso ngati a mphamba, wowerenga aliyense wokwera masitepe.

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi. Zinamanga nyumba ya njerwa zootcha pamtunda pomwe madzi safika, zinalipira sukulu ya Luwiza, zinagula mbuzi, zinathandizanso pa matenda ndi maliro a abale omwe ena sindikuwadziwa n'komwe. Koma pali chinthu chimodzi chopusa chimene tonse a kunja timachita. Lamulungu tikavala bwino timakajambulitsa pafupi ndi galimoto za eni ake, n'kutumiza kumudzi. Palibe amene amajambula chidebe chokolopera kapena miyendo yotupa. Usiku ukulira wekha kuseri kwa katani, m'mawa ukutumiza chithunzi ukumwetulira. Ana athu amakula akuona zimenezo.

Luwiza atalemba mayeso a Fomu 4 sanapeze malo kukoleji. Anakhala pakhomo zaka ziwiri, akugulitsa mandasi pasiteji. Kenako mauthenga ake anasintha. "Amayi, munditumizire thiransipoti ndibwere." Ndinakana. Anapemphanso, ndinakananso, mpaka anayamba kumangoyankha kuti "chabwino" pa chilichonse. Tsiku lina mnzanga wa kumsika wa ku Bangula ananditsina khutu pafoni kuti mbuzi zanga zagulitsidwa ndipo mwana wapita ku Blantyre kukapangitsa pasipoti. Mutu unaima. Ndinadziwa kuti pafoni sindingamuletse. Ndinatsimikiza zobwerera kwathu ndikamugwire ndi manja anga, tikayambe geni limodzi. Vuto linali lakuti mgwirizano wa nyumba unali utangofika pakati.

Ejenti atamva anaseka. Anati ndikachoka ndilipire miyezi yonse yotsala, ndipo za dipoziti ndiiwale. Ndinatuluka muofesi mwake. Koma safunsa anadya phula. Mayi wina wa kutchalitchi anandilozera ofesi yothandiza anthu a lendi, komwe anandiuza kuti lamulo la dzikolo limandilola kutuluka mgwirizano usanathe, bola ndipereke notisi yolemba ya pafupifupi mwezi. Anati mwini nyumba akhoza kundidula kangachepe, osati miyezi yonse, ndipo ndikapeza wolowa m'malo mwanga sataya kalikonse, choncho alibe chifukwa chondifinyira. Ndinabwerera kwa ejenti ndi notisi m'manja. Ulendo uno sanaseke.

Amene sanakondwe ndi anzanga a m'nyumba. Dzina langa likachoka popanda lina, gawo langa la lendi likanagwera iwo atatu, ndipo mmodzi anali atachotsedwa kumene ntchito. A Marita anandiuza maso ndi maso: "Amake Luwiza, lamulo lanulo lakumasulani inu, koma ife lationjezera katundu. Musatisiyire moto. Pezani munthu."

Ndinayamba kusaka. Woyamba analibe pasipoti. Wachiwiri anali ndi mwana, ndipo ejenti anati khanda nalonso ndi munthu wachisanu. Wachitatu anabwera kudzaona chipinda ali ndi mwamuna amene ankangosuzumira m'mapoto mwathu, a Marita n'kumutsekulira chitseko asanakhale n'komwe pansi. Notisi inkatha, munthu osapezeka, ndipo m'nyumba tinasiya kudyera pamodzi.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, a Marita anandikhazika pabedi pawo.

"Munthu alipo," anatero. "Pasipoti ali nayo, samwa, ndipo makolo ake timawadziwa."

"Ndani ameneyo?"

Anandipatsa foni yawo. Anali mauthenga a Luwiza, ambirimbiri, a milungu ingapo. Anali atamva kuti ndikufuna wolowa m'malo, ndipo ankawachonderera kuti andinyengerere. Mwana wanga ankapempha bedi langa.

"Nkhabe! Ayi!" ndinakuwa, Chisena chikutuluka chokha. "Mukufuna mwana wanga azidzatsuka zimbudzi ngati ine? Ndakhala kuno zaka zonsezi chifukwa chiyani?"

"Mwana wamkulu sumumanga chingwe ngati mbuzi," anandiyankha modekha. "Akabwera mwa njira iyi, dzina lake likhala papepala, agona pabedi panu, ine ndizimuona. Nanga akabwera payekha, agona kuti?"

"Sabwera. Ndikupita konko ine."

Sitinalankhulane masiku angapo. Ndinasaka ngati wamisala mpaka ndinapeza mtsikana wa ku Mangochi wogwira ntchito mu saluni, waulemu wake, mapepala ali bwinobwino. Ejenti anamuvomera, anafufuta dzina langa, dipoziti anandibwezera atadula pang'ono. Ndinadzimva kuti ndapambana. Ndinagula firiji yaikulu yoti tizikasungira nsomba ndi mafirizi ine ndi Luwiza, n'kuikweza pangolo ya basi. Potsanzikana a Marita anangothokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, muyende bwino," osandiyang'ana kumaso.

Ulendo wonse ndinkakonza mawu oti ndikamuuze mwana wanga. Tinadutsa Zimbabwe, tinawoloka mlatho wa ku Tete, tinalowa pa Mwanza. Foni yake sinkapezeka, koma ndinati mwina ndi magetsi, kwathu amazima nthawi iliyonse. Minibasi itayamba kutsika mapiri a ku Thabwa, kutentha kwa kuchigwa kunandimenya kumaso ndipo ndinalira, chifukwa ndinali nditakusowa. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo, ng'ombe za kwa Ngabu, akabaza olimbirana anthu pa Bangula, zonse zinali monga ndinazisiyira.

Nyumba yanga ndinaiona koyamba ndi maso tsiku limenelo. Inali yokongola kuposa pazithunzi, koma inali yokhoma. A Jenita anali pansi pa mtengo wa msawu akusankha mapira. Atandiona sanathamange kudzandichingamira. Anaimirira pang'onopang'ono n'kukunkumula chitenje.

"Luwiza ali kuti, achemwali?"

"Khala pansi kaye, umwe madzi."

"Ali kuti?"

"Wapita. Wanyamuka Lachisanu ndi aja otenga anthu pa minibasi. Mwina mwaphonyana kwinakwake ku Tete."

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Anandiuza kuti mwana atamva kuti bedi ndapatsa mlendo analira tsiku lonse, akuti mayi ake akonda mwana wa eni kuposa iye. Ndinafunsa kumene anapeza ndalama ya ulendo, popeza za mbuzi zinathera papasipoti. A Jenita anayang'ana mapira awo.

"Tinasonkha," anatero. "Ine, amalume athu, alamu ako. Usatiyang'ane choncho. Iwe wabwerera, chabwino. Nanga ku Joni kukhala ndani? Chaka chino mvula yativuta, kudimba madzi anakokolola. Ukuganiza kuti takhala tikudya chiyani zaka zonsezi?"

Ndinawakalipira, ndinawatchula mayina amene sindingalembe pano. Anangondisiya ndilankhule mpaka mawu atatha, kenako anandipatsa makiyi a nyumba yanga. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti pomwe ine ndinkasaka wolowa m'malo mwanga m'fulati, abale anga anali atamupeza kale wolowa m'malo mwanga ku Joni, ndipo sanachite zimenezo chifukwa cha nkhanza. Anachita mantha ndi njala. Kumvetsa kumeneko sikunandichotsere mkwiyo, mpaka lero ndikadali nawo.

Masana omwewo ndinayimbira a Marita. Manyazi ndinawaika pambali.

"Ndikudziwa kale," anatero ndisanamalize moni. "Wandiyimbira ali pachipata cha Zimbabwe, pafoni ya munthu wina. Mawu akunjenjemera."

"Chonde, mayi anga, mulandireni."

"M'nyumba muno ndife anayi, amake Luwiza. Lamulo mumalidziwa kuposa ine, munachita kukaliphunzira kuofesi."

Ndinkangomva kupuma kwawo ndi phokoso la mataxi kumbuyo.

"Ndikamutenga kusiteshoni," anatero pomaliza. "Agona pansi. Koma ejenti akadziwa, tituluka tonse asanu, ndipo inu mudzakhala muli m'nyumba mwanu mwa malata."

Pano papita miyezi iwiri. Firiji ndinailumikiza, ndimagulitsa mafirizi kwa ana asukulu, ndipo anthu pamsika amanditcha mayi a ku Joni. Nkhani za mwana wanga ndimamvera kwa a Marita. Akuti wapeza maganyu ochapa masiku awiri pamlungu. Akuti amagona pamphasa pafupi ndi bedi lija, ndipo mtsikana wa ku Mangochi amamubwereka pilo. M'mawa uliwonse amatsika masitepe woyang'anira asanakhale pakhomo, zovala zake zonse zili m'chikwama kuti m'nyumbamo musaoneke chizindikiro cha munthu wachisanu. Amazemba ngati wakuba m'nyumba imene dzina lake likanakhala papepala ndikanangovomera.

Ndimamulembera tsiku lililonse. Foni imaonetsa kuti wawerenga, koma sanandiyankhebe.